Kalata kwa Oyang'anira Nyumba Zosungiramo Zinthu Zakale: Khasu Lija Analisula Ndani?

Kwa akuluakulu nonse oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale m'dziko muno,

Landirani moni wanga waulemu. Ine ndine nkhalamba ya ku Mufakose, wowotcherera zitsulo amene maso ayamba kumukana. Ndinabadwira kuno masiku amene Harare ankatchedwa Salisbury, koma bambo anga anali a ku Dedza, ndipo anafika kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mbali ina wapansi, mbali ina pa malole a Ulere. Kalatayi ndalemba m'Chichewa mwadala. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndiye ndikukhulupirira kuti m'maofesi mwanu simusowa wokuwerengerani. Akasowa, tumani munthu ku Mabvuku kapena ku Tafara, sakachedwako.

Mwezi watha mdzukulu wanga wamkazi, amene ali giredi 6, anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe za chinthu chimodzi chimene anthu a dziko lino anachitulukira okha. Ndinati zimenezi n'zosavuta, Loweruka tikwere kombi tikaone ndi maso. Tinapita ku imodzi mwa nyumba zanu. Sinditchula kuti ndi iti, chifukwa mtsikana amene anatilandira anali waulemu kwambiri, ndipo dandaulo langa silili pa iye kapena pa nyumba imodzi.

Tinaima pa kabati yagalasi. M'katimo munali khasu lakale, lakuda bii, lodyeka kukamwa, pambali pake nkhwangwa ndi mikondo iwiri. Kapepala kamene kanali pansi kankatchula dzina la chinthucho ndi dera limene chinapezeka, basi. Mwana anayang'anitsitsa, kenako n'kundikoka malaya.

"Agogo, khasu limeneli analigula kuti?"

Ndinati, "Iwe, sanagule. Anasula okha."

"Nanga chitsulocho anachitenga kuti?"

"Anachitulutsa m'miyala."

Anandiyang'ana mmene amandiyang'anira ndikamamuuza za kalulu ndi njovu, n'kuseka. Kwa iye chitsulo chimachokera kusitolo. Usiku womwewo, magetsi atazima monga mwa masiku onse, anakhala pa kandulo ndi foni ya mayi ake n'kulemba za Thomas Edison ndi babu lake. Ndinamuuza kuti Edison si wa kuno, aphunzitsi akakubwezera. Anandiyankha kuti bola ameneyu ali ndi dzina, ali ndi chithunzi, ndipo pafoni alemba kuti anayesa kambirimbiri asanakhoze. Ndinasowa chonena. Khasu lija linalibe mwini, linalibe nkhani, linangokhala ngati bowa womera yekha mvula itagwa.

Kapepala kaja kakanakhala ndi pakamwa, kakananena zimene bambo ankatiuza za agogo awo, amene anali wosula. Ng'anjo ankaiumba ndi dothi la pachulu. Makala sankawotcha a mtengo uliwonse, ankasankha mitengo yolimba imene makala ake sathera msanga. Miyala yofiirira, yolemera m'manja, ankaiphwanya n'kumaika mosinthanitsa: makala, miyala, makala, miyala. M'munsi ankalowetsa timapaipi tadothi, ndipo anyamata ankapopa mivukuto ya chikopa cha mbuzi molandizana, osalekeza, kuyambira m'bandakucha. Moto wa m'ng'anjo yotere umafika cha m'ma digiri 1,200. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chitsulocho sichisungunuka n'kumayenda ngati madzi. Zimene zimasungunuka ndi zonyansa za m'mwala. Chitsulo chimatsala chibuma cha mabowomabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo wosula amachitengera pachipala n'kuchimenya chili chofiira, kuchipinda, kuchimenyanso, mpaka zonyansa zonse zitafinyika. Mpweya ukachepa, mwataya tsiku ndi makala omwe. Ukachulukitsa, chitsulo chimathera m'zonyansa zija. Munthu ankadziwa pamene zafika poyang'ana mtundu wa lawi ndi pomvetsera kulira kwa moto, wopanda chopimira chilichonse. Kuno anthu a Njanja ankakumba miyala yotereyi ku phiri la Wedza, makasu awo n'kumagulitsidwa kutali, ena mpaka kulowolera akazi. Ku Malawi Aphoka anasiya ng'anjo zawo kumapiri a Nyika. Zonsezi zinali kuseri kwa khasu lija, ndipo mwana wa giredi 6 akanazimva bwinobwino akanapezeka womuonetsa.

Ng'anjo ine sindinaionepo ikuyaka. Chimene ndinaona ndi chipala cha bambo kuseri kwa nyumba ku Rugare, Loweruka masana akaweruka kunjanji. Ankatenga sipuling'i yakutha ya lole n'kusulamo nkhwangwa ndi zikwakwa, ine ndili wopopa mvukuto. Ndikayamba ulesi ankangoti, "Moto ukugona, iwe," osacheuka n'komwe. Ankamva ndi khutu. Zonse zimene ndadyera m'zitsulo zaka makumi anayi zinayambira pa mvukuto umenewo, chifukwa ndinaugwira ndi manja anga n'kuona moto ukundiyankha.

M'Chichewa tilibe liwu limodzi la myuziyamu, timati nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kusunga mumasungadi, ndipo pamenepo tikuombera m'manja: ku Kwekwe kuli makina a m'migodi, ku Mutare magalimoto akale, ku Gweru ndege, ndipo a njanji anasunga sitima zamalasha ku Bulawayo. Koma nkhokwe yabwino ndi imene mwini wake amatapamo mbewu mvula ikayandikira. Yongomata n'kuisiya imanenepetsa anankafumbwe.

Mukanandipatsa chipinda chimodzi, ndikanayamba ndi chimbudzi. Musaseke, mabwana. Aliyense m'dziko muno amati "Blair" ngati kuti ndi liwu la makolo, osadziwa kuti chimbudzi chimenechi chinatulukiridwa mumzinda uno womwe, ku Blair Research Laboratory, ndi Peter Morgan m'zaka za m'ma 1970. Nzeru yake ndi yoti mwana angaimve. Dzenje limatsekedwa ndi silabu ya mabowo awiri, lina lokhalapo munthu, lina la paipi yaitali yopitirira denga. Mphepo ikamadutsa pakamwa pa paipiyo imakoka mpweya wa m'dzenje, ndiye mpweya wabwino umalowera pabowo lokhalapo, fungo n'kutulukira kumwamba. Kanyumbako amakamanga mozungulira ngati chigoba cha nkhono kuti m'kati mukhale kamdima ngakhale popanda chitseko. Ntchentche imene ili m'dzenje imathamangira kumene kukuwala, ndipo kuwala kwakukulu kumene ikuona ndi kwa pamwamba pa paipi. Ikakwera imapeza sefa yawaya, imavutika pamenepo mpaka kufa n'kugweranso m'dzenje. Anthuwo sanangonena pakamwa kuti zikugwira ntchito. Anatchera misampha pa zimbudzi ziwiri kwa masiku 78: chopanda paipi chinatulutsa ntchentche 13,953, cha paipi 146 zokha. Chimbudzi chimenechi chinafalikira m'mayiko ambiri, ndipo mu 2013 Morgan analandira mphoto ya Stockholm Water Prize.

Kuphunzitsa zimenezi sikufuna ndalama za ku America. Mangani kachimbudzi kofika m'chiuno, mbali imodzi ikhale yagalasi. Yatsani kansanza kafuke utsi pafupi ndi bowo, ana aone utsi ukumira pansi n'kukatulukira kupaipi. Mwana mmodzi atseke pakamwa pa paipi ndi chikhatho, anzake aone utsi ukubwerera kumaso kwawo. Ameneyo sadzaiwala mpaka imvi, ndipo akadzamanga chake sadzasiya sefa yong'ambika.

Pajatu ntchentche 13,953 sizidziwerenga zokha. Panali anthu amene ankadzuka m'mawa uliwonse kukakhuthula misampha ija n'kukhala pansi kuwerenga imodziimodzi. Ndibwereranso kwa anthu amenewa.

Chachiwiri chikanakhala mjigo. Chichokereni 2008, pamene kolera anatisesa ku Budiriro ndi ku Glen View, mijigo yachuluka m'malokeshoni, moti kuno kwathu palibe mwana amene sanaimepo pamzere ndi chigubu. Koma mufunseni chimene chimakweza madzi kuchokera pansi pa nthaka, angokuyang'anani. Mjigo wotchedwa Bush Pump anauyamba Tommy Murgatroyd cha ku Plumtree mu 1933, ndipo pamene ena akanaika chitsulo chodula iye anaika chipika cha mtengo wolimba kuti mkono wa mjigo uzizungulirapo, chinthu chimene kalipentala wa m'mudzi angaseme china chikatha. Ena anadzasintha apa ndi apo, mpaka mtundu wa B unatuluka mu 1987, boma n'kuuvomereza kukhala mjigo wa dziko lonse mu 1989. Zaka zoposa 50, manja ambirimbiri, mjigo umodzi. Wa Afridev umene wadzaza midzi ya ku Malawi nawonso unayambira ku Malawi komweko ndi dzina loti Maldev usanakakonzedwenso ku Kenya. Ikani paipi yoonekera m'kati m'diramu la madzi, mavavu ake awiri azioneka akutseguka ndi kutsekeka mosinthana, mwana apope yekha. Diramu ndi paipi si zinthu zodikira bajeti ya chaka chamawa.

Tsopano za manja aja. Amalume anga anathera unyamata wawo wonse pa famu ina ya mbewu ku Mazowe akuthyola ngayaye. Mbewu ya chimanga cha haibulidi imapangidwa chonchi: mizere ina ndi yaikazi, ina yaimuna, ndipo ngayaye za mizere yaikazi zimathyoledwa zonse zisanatulutse mungu, kuti ndevu za chimangacho zilandire mungu wa mizere yaimuna yokha. Ngayaye zochepa zikaphonyedwa, mbewu yasokonekera. Amalume ankayenda m'mizeremo m'mawa uliwonse, mame ali m'chiuno, masamba akuwacheka m'khosi, maso ali m'mwamba. Mbewu ya SR52 inatulutsidwa mu 1960 pa malo ofufuzira za ulimi a mumzinda uno, pambuyo pa ntchito imene Harry Arnold anaiyamba mu 1932 ndipo Alan Rattray anaipitiriza. Inali yoyamba padziko lonse mwa mbewu za makolo awiri okha kulimidwa pa malonda, ndipo inakafika ku Zambia ndi ku Malawi. Mayina a akatswiri awiriwa alembedwe, ndi oyenera. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife Achewa a kuno, amene tatchedwa alendo moyo wathu wonse, sitingakane mwambi umenewu. Koma pansi pa mayinawo lembaninso kuti kunali anthu ovala masaka amene ankamanga timatumba pa ngayaye ndi pa zitsononkho, amene ankathyola, amene ankawerenga, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Mayina awo mwina ali m'mabuku akale a malipiro. Ana awo alipo, ku Epworth, ku Dzivarasekwa, ku Norton. Pitani ndi chojambulira mawu akadali moyo. Chimodzimodzi pambali pa sitima yamalasha pamafunika chithunzi cha amene ankaponya malasha m'moto, ndi cha amene ankagogoda mawilo ndi kanyundo kumvetsera ngati pali mng'alu.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti kukhala chete nakonso kumanamiza. Makoma a Great Zimbabwe, ena otalika mamita 11, omangidwa popanda matope kapena simenti, anakhala zaka zambiri akunenedwa kuti ndi ntchito ya alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Gertrude Caton-Thompson anakumba mu 1929 n'kunena poyera kuti anamanga ndi anthu akuda a konkuno, komabe boma la azungu la Ian Smith linkafuna nkhaniyo ikhale yokayikitsa, ndipo Peter Garlake, amene ankagwira ntchito ngati yanu yomweyi, anachoka m'dziko mu 1970 chifukwa chokana bodzalo. Bodza limenelo munaligonjetsa. Chatsala ndi mthunzi wake, umene umauza mwana kuti makolo ake anali ndi zinthu, pamene azungu ankapanga zinthu. Mdzukulu wanga sanauzidwe ndi munthu zimenezi. Anazitola yekha pakati pa kabati yagalasi ndi foni.

Ndipo musaganize kuti otulukira zinthu a kuno anatha ndi ng'anjo. Zephaniah Phiri Maseko wa ku Zvishavane, dzina lokhalo ife limatikoka khutu, anachotsedwa ntchito kunjanji chifukwa cha ndale m'zaka za m'ma 1960 n'kubwerera ku kamunda kouma kokhala m'munsi mwa thanthwe. Anayamba kutchinga madzi otsika pathanthwepo ndi timakoma tamiyala, n'kukumba maenje m'ngalande za m'munda kuti madzi asathamange koma alowe pansi. Iye ankati akubzala madzi. Alangizi a nthawi imeneyo ankamuona ngati wophwanya malamulo, koma pambuyo pake anthu ankachokera m'mayiko ena kudzaphunzira pamunda pake, ndipo mu 2006 a National Geographic anamupatsa mphoto. Anamwalira mu 2015. Thireyi ziwiri za dothi zopendekeka, ina ya maenje ina yopanda, ndi keni yothirira: phunziro lonse la Phiri lakwana patebulo limodzi. Nyumba yaikulu ya masitolo ndi maofesi ya Eastgate nayo ili pamsewu wa Robert Mugabe pomwepa chiyambire 1996. Mick Pearce anaimanga kuti izikoka mpweya wozizira wa usiku n'kuusunga m'konkire, wotentha uzitulukira m'machumuni a padenga masana, nzeru imene anati anaitenga ku chulu. Akatswiri a chiswe anadzapeza kuti chulu sichipuma ndendende mmene ankaganizira nthawi imeneyo, koma nyumbayo ikuzizirabe. Ngakhale zimenezo muwauze ana, aone kuti munthu angathe kumva molakwika pang'ono n'kupangabe chinthu chothandiza.

Pamenepa ndafika pa chimene ndikuchifuna kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwinya nkhope. Ikani poyera zinthu zimene zinakanika. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Siyaso ku Mbare, kumene anthu amapanga zigayo, ngolo, zikombole za njerwa ndi mbaula kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ena mpaka kudzikulungira okha makina owotcherera ndi waya wa kopa. Makina anga oyamba opera chiponde anali ochititsa manyazi. Ndinathinitsa kwambiri mbale zoperera, ndiye mtedza unkatentha, chiponde n'kumatuluka chakuda, chowawa ngati khofi. Mayi wina amene anagula anabwera nawo pa wilibala n'kuwatula pakhomo panga osalankhula. Achiwiri ndinamasula kwambiri, ankangolavula mtedza wosweka. Achitatu ndi amene ndinaikako bawuti yosinthira mpata, mwini azithina kapena kumasula malinga ndi mtedza wake, ndipo amenewo ndi amene anaphunzitsa ana anga sukulu. Munthu woona achitatu okha anganene kuti mdalayu anali ndi mutu. Woona onse atatu pamodzi amadziwa kuti mdalayu anapsa zala kawiri n'kufunsa chifukwa chake, ndipo amayamba kuganiza kuti nayenso angathe.

Pali phindu linanso. Nthawi ndi nthawi pa WhatsApp pamazungulira nkhani ya munthu amene akuti wapanga makina otulutsa magetsi osathiridwa kalikonse, kapena mankhwala ochiza matenda onse. Anthu ophunzira ndithu amaombera m'manja, ndipo wofunsa kuti tiyese tione amatchedwa wansanje, wodana ndi zakwathu. Mwana amene anaona ntchentche 146 pambali pa 13,953 sanganamizidwe motero. Adzafunsa kuti munayesa bwanji, anawerenga ndani, tingabwereze? Kunyadira zakwathu kopanda mafunso amenewa n'kumene kumatidyetsa phula.

Mudzati ndalama palibe. Ndikudziwa, nanenso ndimakhala m'dziko lomweli, ndipo ndinaona pamene denga likudontha m'chipinda china tsiku lija. Koma boma lomweli likulankhula za ndondomeko ya maphunziro yotchedwa Education 5.0 ndi maphunziro ochokera pa chikhalidwe chathu, mayunivesite akumanga malo oyeserako luso latsopano, ndipo ana a pulayimale akutumidwa kukafufuza zimene makolo anatulukira. Ana amenewa akabwera kwa inu asamabwerere ndi Edison. Ophunzira a ku Harare Institute of Technology angakupangireni mjigo woonekera m'kati ngati ntchito ya kalasi. Timapepala tofotokozera tilembedwe m'Chishona, m'Chindebele, ndipo pamene nkhani ikukhudza ife, m'Chichewanso. Mu 2020 UNESCO inalemba luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi ngati chuma cha Zimbabwe ndi Malawi pamodzi. Ndiye pambali pa mbira imene ili m'kabati ikanipo ina yoti igwiridwe, ndi munthu wosula mano ake pomwepo, ana aone kuti dzino likafupika mawu amakwera, likatalika amatsika.

Sindikubwera chimanjamanja. Mvukuto wa bambo ulipo, chikopa chinauma koma ndapeza kale wondisokera china. Nyundo yawo ilipo, ndi chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo. Makina anga oyamba aja, a chiponde chowawa, akali kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira, ndiwatsuka. Kutchalitchi kwathu kuli madala awiri, wina anali wokonza sitima, wina wokhoma zidebe, ndi mayi mmodzi woumba mbiya amene amadziwa dothi polilawa. Tonse tagwirizana. Pa 18 Meyi, tsiku la nyumba zanuzi padziko lonse, tipatseni kangodya ka pabwalo, pamthunzi, kotalikirana ndi magalimoto, ndi chilolezo choyatsa moto. Mdzukulu wanga wanena kuti iye ndiye adzapope mvukuto, ati akufuna aone ngati agogo ake sankanama. Makala tidzabweretsa tokha.

Ine wanu mwaulemu,

Wowotcherera zitsulo wopuma,
Mufakose, Harare